Ercília ndi thumba la kachewere lomwe shefi analonda yekha

Ercília ndi mdzukulu wa mlongo wanga, choncho mwa chikhalidwe chathu ndi mkazi wanga, ngakhale pagulu iye amakana. Amati mwamuna wopanda mano akutsogolo angamutafunire chiyani. Ine ndimamuyankha kuti Cosme, uja anamukwatira ku tchalitchi, mano ali nawo onse koma mawu alibe, ndiye tonse awiri ndife amuna operewera, angosankha kuperewera komwe kwamukomera.

Ine ndine Eusébio. Ndimasoka matumba ong'ambika pa msika wa Tsangano, pa khonde loyang'anana ndi alimazeni, nyumba yaikulu yosungiramo mbewu ya kachewere. Sukulu ndinalekezera segunda classe, kalasi yachiwiri, chaka chomwe mphunzitsi anandifunsa mitsinje ya ku Portugal ine n'kumutchulira Revubwe. Choncho mukapeza mawu opindika muno, awongoleni nokha. Nkhaniyi ndinaiona ndi maso anga, singano ili m'manja.

Ercília anabadwa mu 1983, nkhondo ili pakati. Tinathawa naye ku Lizulu, ku Malawi, ali ndi zaka zinayi, atakhala pamwamba pa mtolo wa zofunda ngati nkhuku yopita kwa apongozi. Kumeneko anakulira m'mbali mwa msewu, kusankhira anthu amalonda kachewere: wamkulu uku, wamng'ono uku, wovulala ndi khasu uko. Ana anzake amaphunzira kuwerenga, iye chala chake chachikulu chimaphunzira kachewere. Amangogwira n'kudziwa kuti uyu mkati wayamba kudwala, kunja akuoneka wosalala ngati tsaya la mwana wa a dotolo. Tinabwerera kwathu mu 1994, minda itasanduka thengo. Anakwatiwa ndi Cosme wokonza njinga zamoto, nabereka ana atatu, woyamba Sofia. Mu 2011 kampani ina ya mbewu inamulemba ntchito yosunga alimazeni. Dzina la kampaniyo ndilisiya. Iwo ali ndi anthu awo a malamulo, ine ndili ndi singano yokha.

Ntchito yake ndiifotokoze, chifukwa mlandu wonse unachokera pamenepo. Mbewu imabwera mu Junho, m'matumba a makilo makumi asanu, sinkwenta. Siisungidwa m'matumbamo ayi. Amaikhuthulira pa mathandala a bango, moyala bwino kuti mpweya uzidutsa ndipo kuwala kuzilowa pang'ono, mpaka maso ake aphukire timphukira tating'ono tolimba. Ikakhala pamenepo miyezi inayi imapuma, imatuluka thukuta, khungu limachita makwinya ngati langali, ndipo imapepuka. Mwana aliyense wa ku Tsangano amadziwa zimenezi asanadziwe dzina la atate ake. Komanso Lachisanu lililonse Ercília amayenda thandala ndi thandala kutola wowola, chifukwa mmodzi akawola amaitana abale ake. Amauika m'chidebe, kuvundikira ndi masamba a nthochi chifukwa cha ntchentche, n'kukataya m'dzenje kuseri kwa chitunda, kutali, kuti matenda asabwerere. Anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, popanda womufunsa.

Mu 2023 kampani inatumiza shefi watsopano, ndiye kuti bwana, dzina lake Ivo, wochokera ku Beira. Munthu wamtali, nsapato zosongoka, majekete awiri chifukwa mphepo ya kuno inamulandira popanda ulemu. Kwawoko ankayang'anira nyumba zosungiramo simenti. Simenti ndi munthu wokhulupirika: ukamuika sinkwenta, umamupeza sinkwenta. A Ivo anaganiza kuti kachewere ndi simenti yozungulira.

Mu Outubro, mwezi wa khumi, nthawi yogawa mbewu kwa alimi itayandikira, analamula kuti thandala limodzi alilongedze m'matumba n'kuika pa balansa, sikelo yoyezera matumba. Pomwe panalowa matumba khumi, panatuluka asanu ndi atatu ndi lina losadzaza. Anayesa thandala lachiwiri, chimodzimodzi. Anaitana mlonda, Nando, n'kumufunsa ngati anaonapo kanthu kakutuluka. Nando, pofuna kuteteza mphika wake, anati inde, Lachisanu lililonse mayi Ercília amatuluka ndi chidebe chovundikira, kulowera kuseri kwa chitunda. Sananame. Anangosiya kunena chomwe chimakhala m'chidebemo.

A Ivo anasonkhanitsa antchito onse pakhomo, ife a pamsika tikumva. Anatambasula dzanja kuti Ercília awapatse mfungulo. Ananena mawu amodzi a Chipwitikizi omwe ngakhale ine wa segunda classe ndinawamva: ladra, wakuba. Anamuuza kuti asadzapondenso pamenepo. Sanamufunse kanthu, sanamupatse pepala. Ercília anayesa kunena kuti mbewu imapepuka yokha, iwo n'kuseka, amvekere mbatata ilibe miyendo.

Ercília atadutsa pa khonde langa ndinati ndimuseketse.

“Mkazi wanga, waba matumba onsewo osandigawirako ngakhale wokazinga?”

Anaima n'kundiyang'ana. Sanatukwane, sanaseke.

“Agogo, nanunso?”

Ndinasoka thumba limodzi kawiri tsiku limenelo chifukwa cha manyazi. M'mawa mwake ndinaona chomwe mawu a shefi anachita. Ercília akudutsa pa msika, amayi ogulitsa kachewere, anzake omwe anakulira nawo ku Lizulu, ankakokera milu yawo pafupi ndi mawondo, mwakachetechete, ngati akuthamangitsa nyerere. Ntchito inamupweteka, koma chomwe chinamudwalitsa ndi chimenecho. Kuno dzina la wakuba likakumata, limakaikidwa nawe m'manda, ana ako n'kutsala nalo.

Cosme anabwera ndi nzeru ya makolo. Anagwira tambala wamkulu, nam'manga miyendo, kuti apite naye kwa shefi akapepese. Kwathu kuno timatero. Wamkulu akakwiya umapepesa kaye, zoti walakwa ndani mumakamba mtima utazizira. Ine ndinavomereza, chifukwa njira imeneyi yandipulumutsa kangapo, ndipo nthawi zambiri ndinali wolakwadi.

“Mwamanga tambalayo apita kuti?” anafunsa Ercília.

“Kwa a shefi. Tikangoti pepani, mtima wawo utsika,” anatero Cosme, maso ali pa tambala.

“Pepani wa chiyani?”

“Ndi mawu chabe, mayi a Sofia.”

“Kwa inu ndi mawu chabe. Kwa munthu wa ku Beira, tambala ameneyu akafika pakhomo pake ndiye kuti ndavomera. Adzauza kampani kuti wakuba uja anabwera yekha ndi nkhuku. M'masuleni.”

Cosme anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana tambala. Tambala anamasulidwa.

Masiku atatu otsatira Ercília ankavala yunifolomu yake m'mawa, n'kukakhala pa mwala pakhomo pa alimazeni mpaka nthawi yoweruka. A Ivo akamuuza kuti achoke, ankayankha mofatsa kuti analowa ntchito ndi pepala, ndipo adzatuluka ndi pepala lonena chomwe anaba, tsiku lomwe anaba, ndi yemwe anamugulitsa. Tsiku lachitatu woyendetsa shapa wina, minibasi zathu za kuno, anamuuza kuti anthu aboma oyendera za antchito ali ku Furancungo sabata imeneyo, akumva madandaulo a osankha fodya.

Kuchoka ku Tsangano kupita ku Furancungo si ulendo wotuma mwana. Anakwera njinga yamoto ya Cosme mbandakucha, kudzera ku Ulongwe, fumbi la Outubro likuwaphika. Njingayo inafa kawiri, Cosme n'kuiukitsa kawiri, ndipo apa ndiyenera kumulemekeza: munthu wosayankhula uja, ukamupatsa injini, amalalikira. Anafika dzuwa litapendeka, ofiira ngati njerwa. Anapeza mzere wa anthu pa khonde, ndi mayi wina wamfupi wamagalasi, dona Amália, akulemba pa tebulo laling'ono. Zomwe anakambirana anandiuza ndi Ercília mwini wake.

“Anakupatsani nota de culpa? Pepala lolembapo mlandu wanu?”

“Ayi.”

“Anakupatsani masiku oti muyankhe?”

“Anandipatsa nthawi yotulutsa mfungulo m'thumba.”

“Alipo anakuonani mukugulitsa?”

“Anandiona nditasenza chidebe cha zowola.”

Dona Amália anavula magalasi napukuta fumbi. Anamuuza kuti lamulo la ntchito silola bwana kuchotsa munthu ndi pakamwa chifukwa chomuganizira. Ayenera kumulembera mlandu, kumupatsa masiku khumi ndi asanu kuti ayankhe ndi kubweretsa mboni zake, ndipo pokhapo ndi pomwe angagamule. Anamuuzanso kuti asasainire pepala lililonse lomwe angamupatse panopa, ngakhale litabwera ndi kumwetulira. Analonjeza kufika ku Tsangano pakatha masiku khumi.

Ine sindinakhulupirire. Ndakalamba ndikudikira anthu aboma omwe anati abwera pakatha masiku khumi. Koma mayiyu anafika tsiku lakhumi ndi limodzi, n'kupepesa chifukwa cha limodzilo.

Anakhala pa mpando pakhomo pa alimazeni. Antchito anaima mozungulira, ndipo msika wonse unapeza chifukwa chodutsira pamenepo. A Ivo anafotokoza za matumba khumi omwe anasanduka asanu ndi atatu ndi theka. Dona Amália anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anapempha kuona nota de culpa. Panalibe. Anapempha yankho la wantchito. Panalibe. Anafunsa Nando ngati anatsegulapo chidebe chija. Nando anakanda m'khosi, nati fungo lake silinkalola munthu kuyandikira.

“Ndiye munkaganiza kuti akukagulitsa fungo?” anafunsa dona Amália.

Anthu anaseka, Nando n'kubisala kumbuyo kwa chitseko chomwe amalonda.

Chigamulo chinali chachifupi. Kuchotsedwa kumeneku kunalibe miyendo. Ercília abwerere pa ntchito Lolemba, ndipo masiku omwe anakhala panja amulipire ngati anagwira. A Ivo anakweza mapewa.

“Está bem, abwerere. Lamulo ndi lamulo. Koma ine chomwe ndikudziwa ndikuchidziwa.”

Cosme anayamba kale kuwomba m'manja mwaulemu. Ine ndinati basi, tapambana, tiyeni tikaphe tambala uja. Koma Ercília sanasunthe.

“Dona Amália, zikomo. Koma mwamva mmene anenera. Ndikalowa Lolemba, anthu awa adzati anapulumuka chifukwa shefi anaiwala pepala. Wakuba wamwayi. Ine sindilowa choncho.”

“Mukufuna chiyani, mayi?”

“A shefi apite okha pa msikapo, agule thumba la kachewere wa kudimba wokumbidwa lero. Aliike pa balansa yawo. Agogo anga alisoke kukamwa. Alitsekere m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito, mfungulo asunge okha. Pakatha masiku makumi atatu tidzaliyezenso. Likadzapezeka sinkwenta, ndine wakuba, ndipo ntchitoyo ndidzaisiya ndekha.”

Dona Amália anamukokera pambali, koma makutu anga ndi okhawo omwe sanakalambe.

“Mayi, lamulo lakupatsani kale ntchito yanu. Izi palibe akukukakamizani. Thumbalo likadzakana, ine sindidzatha kukutolani.”

“Ndikudziwa. Koma kachewere ndamugwira kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sanandinamizepo.”

A Ivo anavomera msanga, mwa munthu woona kuti mbewa yalowa yokha mu msampha. Anayenda pa msika ndi nsapato zawo zosongoka, nasankha kachewere wonenepa, dothi likadali lonyowa. Anathira, kuchotsa, kuthiranso, mpaka muvi wa balansa unaima pa sinkwenta ndendende. Ine ndinasoka ndi ulusi wofiira, msoko wanga wopingasa womwe palibe wina amautha m'boma lino, ndipo dona Amália analemba dzina lake ndi inki podutsa pa msokowo. Thumba linalowa m'chipinda cha shefi, chitseko n'kutsekedwa.

Masiku makumi atatu amenewo Tsangano sanakambe nkhani ina. A Ivo anamanga mfungulo pa chingwe n'kuuvala m'khosi ngati korona. Mayi wosesa anamuletsa kulowa, ankasesa okha. Popita kukadya ankagwedeza chitseko katatu, kuyenda pang'ono, n'kubwerera kudzagwedezanso. Sindinaonepo thumba lolemekezedwa chotero. Ena a ife tidzafa osalondedwapo choncho.

Koma ndisaname, mantha ndinali nawo. Sabata yachitatu kunagwa mvula yoyamba, kunja n'kuzizira, ndipo kachewere kukakhala chinyontho sataya madzi msanga. Ndinapita kumunda kwa Ercília, ndinamupeza akupanga mizere ya nyemba.

“Mvula iyi sikutiwonongera mlandu?”

“Chipinda cha shefi chili ndi malata opanda siling'i, agogo. Masana mumatentha ngati uvuni wa njerwa. Ndiponso anasankha wonenepa wakhungu lanthete, uja amataya madzi ngati mwana wa chimfine. Ndinaona akusankha, ndinangokhala chete.”

“Ukanawalangiza.”

“Anandifunsa?”

Tsiku litakwana dona Amália anabweranso, ulendo uno pa tsiku lake lenileni. Anthu anadzaza mpaka mumsewu, woyendetsa shapa wina anazimitsa injini, okwera ake osadandaula. A Ivo anavula chingwe m'khosi, natsegula, ndipo amuna awiri anatulutsa thumba. Ndinaitanidwa kuti ndione msoko. Ndinauyang'ana nthawi yaitali kuposa yofunikira, chifukwa si tsiku lililonse boma limadikira mawu anga. Msoko unali wanga, inki ili pamalo pake.

Analikweza pa balansa. Muvi unanjenjemera, n'kukwera, n'kuima pa makilo makumi anayi ndi asanu ndi awiri, ndi kachidutswa pamwamba.

A Ivo anagogoda galasi la balansa ndi chala. Anatsitsa thumba, naikapo chitsulo choyesera cha makilo makumi awiri, muvi n'kuloza makumi awiri. Anabwezerapo thumba. Muvi unabwerera pomwe unali, wopanda manyazi.

Ercília anayandikira, manja ali kumbuyo, nafunsa ndi ulemu wonse womwe amayi ake anamuphunzitsa.

“A shefi, makilo atatuwa mwagulitsa kwa ndani?”

Kuseka komwe kunabuka pamenepo kunathamangitsa nkhunda pa denga. Amayi a pamsika aja, omwe ankakoka milu yawo, ndi omwe anaseka kwambiri, ena akumenyana pamapewa. Anthu ndi otero. Ercília sanaseke nawo. Anandipempha mpeni, nadula msoko wanga, napisa dzanja mpaka m'chigongono osayang'ana, natulutsa kachewere anayi ofewa, akuda, akuchucha. Anawaika pa balansa pamaso pa shefi.

“Mwezi umodzi, thumba limodzi. Zanga zinali miyezi inayi. Awa mukawasiya sabata ina, thumba lonse lipita. Ndi omwe ndimasenza Lachisanu. Dzenje lake lili kuseri uko, mukafuna tipite mukanunkhize.”

A Ivo sanafune. Ndiwapatse ulemu wawo: sanathawire m'chipinda, ndipo sananene kuti balansa yalodzedwa, monga akanachitira ena omwe ndimawadziwa. Anayang'ana kachewere wowolayo kwa kanthawi, nati chapansipansi analakwitsa.

Dona Amália anawakumbutsa kuti mawu oyamba aja anawanenera pakhomo pomwepa, pamaso pa anthu omwewa. A Ivo anakonza jekete, natembenukira gulu, nanena kuti mayi Ercília sanabe kanthu.

“Akumbuyo sanamve, a shefi,” anatero Ercília. “Tsiku lija anamva mpaka ogulitsa makala.”

Munthu wa ku Beira anakweza mawu, ndipo anawonjeza Chichewa chake chothyokathyoka kuti pasakhale wonamizira kusamva: mayi uyu si wakuba, wolakwa ndine. Ogulitsa makala anayankha kuchokera kutsidya kwa msewu kuti amva. Dona Amália analemba zonsezo, shefi nasaina, Ercília nawerenga mzere uliwonse ndi chala asanaike dzina lake. Pepala limodzi analipinda n'kuliika m'chitenje.

Kenako analandira mfungulo natsegula alimazeni. Fungo lomwe linatuluka linabweza anthu m'mbuyo masitepe atatu. Masiku onse omwe iye anali panja palibe anatola wowola, poopa kuti naye angaoneke atasenza chidebe. Ercília anaima pakhomo, nayang'ana mathandala ake makumi awiri, ndipo nkhope yake inagwa kuposa tsiku lomwe anamutcha wakuba. Sanadikire Lolemba. Anamanga chitenje m'chiuno, nauza Nando kuti atsegule mazenera onse, natuma antchito kukabwereka zidebe pa msika. Amayi ogulitsa aja anabwera nazo okha, ndipo sanabwerere ku milu yawo mpaka dzuwa litalowa. Anagwira masiku asanu ndi limodzi. Anapulumutsa mathandala khumi ndi anayi, ndipo alimi anadzala mbewu imeneyo mvula ya Dezembro isanapitirire.

Lero Ercília akadali pa alimazeni. Shefi akafuna kudziwa ngati mbewu yakhwima maso, amagogoda kaye pa chitseko, n'kudikira kuti amuuze kuti alowe.